Tsiku limene malume anandiperekeza ku Hull

Linali Loweruka, nyengo yotentha. Ndinali ndi zaka 19, nditangotha miyezi inayi ku Leeds komwe amayi amagwira ntchito ya unesi. Anandituma ku Hull kukaona mlongo wawo, malume a Ledson, amene anali atakhala kumeneko zaka zisanu akudikira yankho la pempho lawo la chitetezo ngati wothawa kwawo. Anandipatsira usipa, nyemba ndi jekete yatsopano.

Sitima inayenda ola limodzi ndi kanthu. Chakumapeto inatsata mtsinje waukulu wa madzi amatope, n'kudutsa pansi pa mlatho wautali kwambiri. Njanji imathera ku Hull komweko. Malume anali chilili pachipata, shati yosita bwino. Anandilanda chikwama ndisanamalize n'komwe moni.

Mzindawo ankaudziwa ndi mapazi. Sankaloledwa kugwira ntchito, ndiye ankati ntchito yawo ndi kuyenda. Anandionetsa timanyumba ta telefoni toyera ngati mkaka, pamene kwina konse n'tofiira. Anandionetsa maboti padoko, n'kuloza kutali komwe zombo zopita ku Holland zimanyamukira. Tinadya tchipisi pabenchi, mbalame za kunyanja zikutizungulira ngati agalu pachiwaya.

Masiku amenewo pakamwa panga panalibe chitseko. Ndinawaseka Chingerezi chawo. Ndinawaseka nsapato zakutha zidendene. Iwo ankangoseka nane, amvekere mwana wa mlongo wawo watengera lilime la mayi wake.

Masana tinapita kwawo, chipinda chimodzi m'nyumba yomwe ankakhala ndi amuna ena anayi ochokera kumayiko osiyanasiyana. Foni ya malume inalira. Anawerenga uthengawo kawiri. Kenako anandiuza kuti m'tauni mwasonkhana anthu odana ndi obwera, ndipo zikuoneka kuti sizitha bwino. Anati ndigone ku Hull, andipezera malo kwa mayi wina wa ku Zambia amene ankapemphera naye, ndipite mawa.

Ndinakana. Madzulo amenewo ku Leeds kunali phwando la mnzanga, ndipo diresi ndinali nditasita kale. Komanso sindinakhulupirire. Zipolowe ndinali nditazionapo ku Lilongwe, matayala akuyaka pamsewu. M'mutu mwanga zimenezo zinali zakwathu. Ndinkaganiza kuti kuno anthu akakwiya amalemba kalata.

Anandichonderera kachiwiri. Apo m'pamene ndinagwiritsa ntchito chimene ndinkadziwa kuti sangachikane. Kwathu mlendo sachoka yekha. Umamunyamulira katundu, umamuperekeza mpaka akwere.

"Ngati mukuopa tsalani, malume, ndipita ndekha. Mwasanduka mzungu eti? Mlendo kumutsanzika pakhomo ngati wogulitsa makala."

Ndinanena moseka, koma ndinkafuna ziwalase. Anavala jekete ija n'kutenga chikwama changa.

Basi imene tinakwera inayenda bwinobwino mpaka tinayandikira pakati pa tauni. Kenako inaima. Dalaivala anazimitsa injini, nati sapitirira. Tinatsika anthu asanu ndi mmodzi. Akuda tinalipo awiri.

Choyamba chinali phokoso, longa la kubwalo la mpira. Kenako fungo la pulasitiki wopsa. Titakhota pakona tinaona apolisi atandanda ndi zishango kutsogolo kwa hotela ina pafupi ndi siteshoni, momwe munkasungidwa opempha chitetezo. Njerwa zinkauluka. Mawindo a m'munsi anali atasweka onse. Pawindo lina lam'mwamba katani linagwedezeka, wina n'kulitsekanso.

Mayi wina anaima chapambali akujambula pafoni, akuseka. Anali wa msinkhu wa amayi anga.

Khomo la siteshoni ndinkaliona. Panalibe podutsa. Malume anandigwira pamkono, nandiuza motsitsa mawu kuti tibwerere, ndisathamange, ndisayang'ane munthu kumaso. Tinayenda choncho mwina masitepe makumi awiri. Wina anakuwa kumbuyo kwathu. Botolo linasweka pafupi ndi phazi langa.

"Tsopano thamanga," anatero malume.

Tinalowa kamsewu kakang'ono. Nsapato yanga imodzi inavuka, sindinaitole. Misewu yonse inkafanana kwa ine, koma iwo ankadziwa pokhota. Kumanzere, kumanja, kumanzerenso. Mapazi a anthu otithamangitsa sankatalikira.

Pa sitolo ina ya zovala zakale, chitseko chachitsulo chinali kutsika. Chinali chitafika m'chiuno. Mzimayi wachizungu wa imvi anasuzumira pansi pake n'kutikodola. Malume anandikankha pamsana, ndinagwera mkati ndi mawondo. Nditatembenuka ndinangoona miyendo yawo. Inaima pang'ono, kenako inathamangira mbali ina, kutali ndi sitoloyo. Miyendo ina yambiri inadutsa kuitsatira. Chitseko chinagunda pansi.

Mkatimo tinalimo anthu asanu ndi awiri. Tinakhala pansi pakati pa majasi, magetsi ali ozimitsa. Ndinaimba foni ya malume mpaka batire inatsala pang'ono kutha. Mzimayi uja anaona phazi langa likutuluka magazi. Anatenga nsapato pashelefu, zazikulu kwa ine, n'kundiveka yekha. Dzina lake sindinamufunse, ndipo zimandipweteka mpaka lero.

Patatha maola awiri mwamuna wake anabwera ndi galimoto kukhomo lakumbuyo. Anandigoneka pampando wakumbuyo n'kundifunditsa jasi. Ananditengera kwawo, kunja kwa tauni. Kumeneko n'komwe amayi anandipeza dzuwa lisanalowe, atabwera ndi galimoto ya mnzawo wa kuntchito, yunifolomu isanavulidwe.

Malume tinawapeza kuchipatala m'mawa mwake. Nthiti zitatu zinali zothyoka. Nkhope inali yotupa moti ndinawazindikira ndi manja. Amayi anawerenga pepala lakumapazi kwa bedi monga nesi, kenako anakhala pansi n'kulira monga mlongo. Atapukuta misozi anafunsa chimene chinatitulutsa m'nyumba, pamene tinachenjezedwa.

Ndinatsegula pakamwa. Malume anandiyambirira.

"Ndine ndinakakamira, achemwali. Mwanayu amafuna kugona."

Ndinatseka pakamwa. Ndinachita mantha, ndipo ndinalola bodza lawo lindifunde.

Mapepala awo anatuluka chaka chotsatira. Tsopano amakhala ku Leeds, misewu iwiri kuchokera kwathu, ndipo amagwira ntchito mosungira katundu. Khutu lakumanzere silimvanso, ndiye ndikamacheza nawo ndimakhala kumanja kwawo. Zoyenda pansi anasiya. Amachoka kunyumba pabasi, amabwerera pabasi, makatani awo amakhala otseka ngakhale masana.

Sanandidzudzulepo, ngakhale tili awiri. Amayi akakumbuka tsiku lija amapukusa mutu, n'kunena kuti kuuma mutu kwa malume anga kukanandiphetsa. Malume amangovomera. Ine ndimakhala pomwepo, ndipo amayi sindinawauzebe zoona.