Ukonde Ubwerere kwa Mwini Wake

Che Atumani akavuula ukonde pansi pa nyanja sankautaya kudzala. Ankauduladula kuti usagwirenso ntchito, kuusenza madzi akuchucha, n'kukauika pakhomo pa mwini wake. Mwiniyo ankamudziwa poyang'ana mfundo ndi zoyandamitsa. Wina amadula mapatapata akale, wina amamanga mabotolo, ndipo msodzi aliyense ali ndi kasokedwe kake.

Ine ndinkawapalasira bwato. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwira chingwe chawo, iwo ali pansi.

Anabwera kuno ku Nkope kuchokera ku Malombe, kumene anakulira pa ukonde wa nkacha. Ukonde umenewo sutsekeka wokha, pamafunika munthu womira kukamanga kunsi kwake nsomba zisanathawe. Munthuyo anali iwo, zaka makumi awiri, opanda chopumira. Khutu lakumanzere linafera komweko. Nsomba za ku Malombe zitachepa anati, "Ndinathandiza nawo kupha nyanja imodzi. Yachiwiri ayi."

Chakumpoto kwa doko lathu kuli miyala, ndipo kuseri kwake kuli mchenga pomwe chambo chimakumba zisa. Ukonde ukakodwa pamiyalapo, eni ake amangodula n'kumapita. Koma ukonde wa masiku ano suwola. Umatsala pansipo n'kumapha wokha, nsomba zosadya munthu. Che Atumani anasonkhanitsa amuna anayi ongodzipereka, ndipo Loweruka lililonse ankamira ndi mipeni.

Palibe anawathokoza. Mayi wina, a Lena, atapeza ukonde wa udzudzu ukununkha pakhonde pawo, anawatsatira mpaka kudoko.

"Che Atumani, pakhomo panga pasanduka padzala?"

"Nanga nyanja ndiye dzala, amayi?"

"Si wanga umenewu."

"Achipatala anakupatsani awiri. Ana anu akugona mu uti?"

Chaka chatha kunabwera a bungwe lina la m'tauni, atanyamula mabotolo a mpweya, atavala malaya ofanana. Kumira anamiradi, zimenezo sindingawamane. M'masiku atatu anavuula mulu wa maukonde wofika m'chifuwa. Che Atumani anauza mtsogoleri wawo, a Tony, kuti maukondewo adulidwe asanachoke.

"Musadandaule, madala, lole ibwera Lolemba."

Anajambulitsa pamulupo n'kukwera galimoto. Lole sinabwere. Pofika Lachitatu mulu unali utatha. Anatola ndani? Ife tomwe, anthu a pano, amene timalira tsiku ndi tsiku kuti chambo chasowa. Anasoka zigamba, kumangapo zoyandamitsa zawo, n'kuponyanso m'madzi. Ukonde wofuka suchedwa kuduka. Mwezi usanathe zonse zija zinabwerera pamiyala, nthawi yomwe chambo chimasunga mazira m'kamwa, nthawi yomwe ngakhale lamulo limaletsa kuchigwira.

Apo n'kuti khutu lakumanja la Che Atumani litayamba kutuluka magazi, ndipo achipatala anali atawaletsa kumira. Amuna anayi aja anakana kubwereza ntchito imene inachitika kale. Ine ndinati tidikire khutu lipole.

"Achimwene, chambo sichidikira khutu langa. Palasani."

Ndinapalasa. Tsiku limenelo anamira kakhumi ndi kamodzi. Ulendo womaliza anachedwa mpaka ndinayamba kukoka chingwe. Anatulukira akukoka ukonde wolemera, magazi akuyenderera m'khosi. Munali chambo chambiri chovunda. China chinali chikali chatsopano, ndipo atachitsegula kukamwa mazira anakhuthukira m'bwato.

Anatembenuza zoyandamitsa, kenako anandiyang'ana. Anali mapatapata odulidwa makona atatu, obooledwa kawiri. Ndi mmene ndinkadulira ine, ndi mmene ndinaphunzitsira Rowland, mwana wanga, munthu wa ana atatu amene amakhala pabwalo panga pomwe.

Tili kumtunda anakhala pamchenga n'kuyamba kudula, pang'onopang'ono. Atatha anasenza. Anadutsa pakati pa mathandala oyanikapo usipa, anthu akupatuka chifukwa cha fungo, ine ndikutsatira pambuyo ndi nkhafi. Pabwalo panga anatula mtolowo pakhomo pa Rowland.

Rowland anatuluka akumanga lamba.

"Ababa, unali wongotayidwa pamchenga. Aliyense anatenga."

Anatembenukira kwa Che Atumani n'kubwereza mawu omwewo, mokweza, kawiri. Iwo anangoyang'ana milomo yake ikuyenda, poti khutu lakumanja nalo linali litafa. Anapukuta khosi ndi chipewa, napita kwawo. Pamiyala paja sanamirenso.