Chimene ndinaona pakhoma la chipatala

Ndinapita kukapimitsa maso, koma ndabwerako dzina langa litalembedwa m'buku la anthu osawadziwa. Ndine telala wa ku Kapondo. Chaka chino ulusi ukukana kulowa pa singano, nkhope za anthu ndikungoziona ngati utsi. Kalata inoyi akundilembera ndi akazi anga.

Lachiwiri ndinafika pachipatala 6 koloko m'mawa, khadi la chipani lili m'thumba. Anandiitana 2 koloko masana. Tsiku lonse pabenchi, m'mimba muli pululu!

Wopima masoyo sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Imani pamzerepo, bambo. Tsekani diso limodzi, munene chimene mukuona pakhoma."

Mzere uti? Khoma liti? Munthu wabwera chifukwa saona, inu n'kumamulozera ndi mlomo? Ndinatembenuka, ndinapeza chinthu cha makona anayi chili m'mwamba, n'kuyankha zoona zokhazokha: "Ndikuona chinthu chakuda bii, ngati chitsa chopserera."

Nthawi yomweyo mayi wina amene ankatsokomola pakhomo analeka.

Pepala la zilembo linali kumanzere. Ine ndinkayang'ana chithunzi chija chimapachikidwa mu ofesi iliyonse, cha eni dziko.

"Mwati chiyani, bambo? Tabwerezani." Mawuwo sanali a wopima uja, anali a munthu wina amene anakhala pakona, yemwe sindinamuone polowa. Anandifunsa dzina, mudzi, ndi khonde limene ndimasokerapo. Ndinkamva cholembera chikuyenda papepala.

Ndinati pepani bwana, ndi masowa. Wopimayo akanangonena kuti bambowa saonadi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anakuwa kuti, "Wotsatira!" Za magalasi sizinatchulidwenso.

Ndakwiya, ndipo mantha ndili nawo. Kodi kumugwira munthu paphewa n'kumutembenuza kumafuna sukulu yanji? Wolakwa ndani pamenepa, ine kapena amene amalandira malipiro kuti athandize osaona?

Dzulo kunabwera amuna awiri pakhonde la sitolo kudzafunsa telala, m'manja mulibe nsalu. Mwini sitolo wanditumizira uthenga kuti ndiyambe ndapuma kaye, akuti ku Zambia si kutali. Ndingadutse bwanji tchire ine wophonya pepala lili pamphuno?

Inu a maso ofooka, mukapita kumeneko musafulumire kuyankha. Funsani kuti pepalalo lili mbali iti, mulikhudze kaye ndi dzanja. Ine masiku ano ndimangokhala pakhomo kumvetsera msewu. Galimoto ikaima, ndimafunsa akazi anga kuti mwatsika anthu angati.