Chigubu Pakati pa Mtsinje

Ndimaolotsa anthu pa mtsinje wa Lundazi nthawi ya mvula: odwala, ana a sukulu, azimayi opita ku msika ndi nshawa zao. Kale ndinali ndi bwato. Chaka china fodya atagulika bwino, ndinagula boti ya injini. Mlamu wanga anatsala ndi bwato lake. Moni wake unafupika.

Pasanapite nthawi, uthenga unabwela kuchokela ku boma kuti boti ya injini isayende ngati mwini wake alibe kadi ya chitetezo. Anawauza ndani kuti kuno kuli injini? Sindinafunse. Ndinamangilila boti pa mkuyu. Madzi akudzala, anthu onse akukwela kwa mlamu.

Woyesa za kadiyo anabwela kuchokela ku boma pa njinga yamoto. Asanafike kwa ine, anaima ndi mlamu, akuseka. Sindinakonde.

Woyesayo anaona majekete oyandamitsa, chingwe ndi nkhafi. Anafunsa za mafuta. Ndinayankha zonse. Tinalowa m'madzi. Tili pakati, anatenga chigubu chopanda kanthu n'kuchiponya kunja.

"Uyo ndi munthu, adada. Fuulani kuti munthu wagwa m'madzi. Mukhote, mukamutole."

"Icho ndi chigubu."

"Lelo ndi munthu."

Ife oolotsa sititchula za kumila tili pa madzi. Ukatchula, waitana. Mlamu amadziwa kuti pa ichi sindigonja. Ndinati mumtima: msampha wao ndi uwu.

"Nditola osafuula," ndinatelo.

"Mukapanda kufuula, okwela adziwa bwanji? Kadi palibe."

Ndinamuyang'ana. Sanali kuseka. Chigubu chinali kupita ndi madzi. Ndinaganiza za boti yanga pa mkuyu mpaka mvula kutha.

Ndinafuula. Mau anga si ang'ono.

Azimayi ochapa kutsidya anataya zovala. Wina anayamba kulila malilo. Mlamu anakankha bwato, akupalasa ngati wamisala.

"Ndani? Alamu, ndani wagwa?"

Ndinakhota, ndinachepetsa injini, ndinatola chigubu. Mlamu anafika akupuma movutika, n'kuchiona chili m'manja mwanga.

"Munthu wamkulu ndi imvi zako! Wailodza boti yako wekha!"

Anabwelela akutukwana. Kaya anathamangila kupulumutsa, kaya kudzaonelela, sindidziwa mpaka lelo.

Woyesa anati ndakhoza. Sindinakhulupilile mpaka kadi itafika m'manja mwanga. Ndinaikulunga mu pulasitiki.

Koma azimayi anakana kukwela. Ankati boti imene yaitanidwila tsoka siikwelekanso. Ndinkakhala pa doko ndi kadi m'thumba, injini ili zii.

Kenako madzi anakwela kwambili, oti bwato silingadule. Kunabwela bambo wina, mkazi wake wapakati ali pafupi kuchila, akufuna ku chipatala. Anayang'ana bwato, anayang'ana madzi, anabwela kwa ine.

"Adada, tifika?"

"Valani majekete. Khalani pakati. Musalankhule."

Tinaoloka. M'mawa mwake ena anatsatila.