Mimba Yanga ndi ya a Kalaliki

Dzulo adokotala anandiuza kuti ndichepetse mimba. Ndinaseka, chifukwa aka n'kachiwiri kundilanda.

Nthawi ya makadi a chipani ija, ku esiteti kumene mayi ankathyola tiyi, mimba zazikulu zinalipo ziwiri zokha: ya a kalaliki wamkulu ndi yanga. Ndikulumbira, mchombo unkayamba kupereka moni ine ndisanatulukire. Anthu ankati a kalaliki ali ndi thanzi, ndiye nanenso ndinkayenda manja kumbuyo ngati iwowo, timiyendo ngati mapesi.

Mayi okha sankaseka. Anandibereka mpaka kuchipatala cha esiteti. Ana a mabwana ankalowera khomo lakumaso. Ife tinadikira pansi pa mkuyu mpaka dzuwa kupendeka.

"Amayi, uku si kunenepa ayi, ndi njoka zam'mimba," anatero anesi, akundigogoda ngati dzungu.

"Nanga a kalaliki ali nazo zingati?" ndinafunsa. Mayi ananditsina.

Mankhwala ake, ngakhale supuni inakwinya nkhope. Patapita masabata, kabudula anagwa yekha pabwalo la sukulu. Ine ndinalira thanzi langa, mayi akuimba nyimbo za kutchalitchi.

Mimbazo zinalidi zofanana, kungoti a kalaliki yawo ankaidyetsa, yanga inkandidya.