Machila a pa Bodala

Ine sindine munthu woyendayenda, koma ndikayenda anthu amadziwa. Mwana wanga Esinati atachira kwa amuna ake ku Chipata, ndinati mdzukulu ameneyo ndikamuone ndi maso angawa.

Ndinanyamuka kwa Mavwere Lachiwiri m'mawa, thumba la mtedza pamsana. Wa njinga yamoto anati 4,000 mpaka pa Walilanji. Ndinangomukwezera mawu kamodzi, tinagwirizana 3,000. Pamsewu wa tala anandipeza akamwini anga a Mbewe, bambo wa khandalo, oyendetsa thiraki. Ndinakwera kutsogolo ngati bwana. Pa Kamwendo anandigulira chipisi ndi mang'ina, ine kudya nditayang'ana kuwindo, iwo kumbali kwawo.

Pa bodala tinafika cha m'ma 3, mzere wa mathiraki ngati njanji. A Mbewe anati, "Bambo, lero tigona pano. Inu mugone pabedi m'galimotomu."

Ine pabedi pamene amagona akamwini? Kwathu zimenezo kulibe. Ndinakana. Ndiye anatulutsa machila a nsalu yoterera, a zingwe mbali zonse, amene madalaivala amapachika kunsi kwa thelela. Anafuna kundimangira. Ndinati, "A Mbewe, ine ndamanga zigafa za fodya inu musanamere mano. Patukani."

Ndinakunga chingwe ngati cha fodya, nganganga, nsalu mpaka kulira ngati ng'oma. A Mbewe anayang'ana chingwecho. Mkamwini angamuuze mpongozi wake kuti mwalakwa? Anangoti akukagula madzi.

Dzuwa likulowa ndinakwerapo. Nsalu inandifinya mapewa. Nditati nditembenuke, phii! pansi, chipewa uko. Mwayi panalibe wondidziwa. Ndinakwera kachiwiri, mtima uli pa akamwini: akandipeza m'fumbi, nkhani ikafika kwa Esinati, ulemu wanga wathera pa bodala.

Kenaka kunabwera dalaivala wina wa ku Zambia, wamimba yake, akutafuna mzimbe.

"Ba mudala, manje mwamanga waya wa magesi? Muzatyoka musana!"

"Iwe, ukudziwa ukulankhula ndi ndani?"

"Na munthu wamene ali na doti ku matako."

Ndinaseka ndisakufuna. Anati ndimasule, zingwe ndikweze kufika m'mutu mwanga, koma pakati pagwe mokhota ngati nthochi. Kumiyendo kukwereko pang'ono, kuti ndisatsetserekere kumapazi. Poyamba ndikhale kaye ngati pampando, mapazi akugunda pansi. Ndipo chachikulu, osagona molunjika chingwe ayi, koma mopingasa, mutu uku miyendo uko. Iye sanagwire chingwe ngakhale kamodzi, manja anali anga.

Abale inu! Msana unayalika ngati pamatiresi. Ndinafunda bulangeti, lina kunsi poti mphepo ya ku Mchinji imalowera pansi. Anandidzutsa ndi mainjini kutacha.

Tikudutsa malire, ndinaona a Mbewe akumuimikira dzanja dalaivala uja, iye nkuwatsinzinira diso. Apo ndinadziwa kumene anakagula madzi dzulo lija.

Ku Chipata tinafika nthawi ya tiyi. Mdzukulu ndi mwamuna, mphuno yanga yeniyeni, kulira kwakenso kwanga. Esinati anafunsa, "Ababa, munagona bwanji panjira?"

Ndisanayankhe, a Mbewe anati, "Bambo? Machila anamanga okha. Madalaivala mpaka kubwera kudzaonera."

Bodza panalibepo. Ndinayang'ana pansi ndikugwedeza khanda. Mwana wanga anakwatiwa pabwino.