Balere wa M'beseni la Amayi

Amayi anga akhala akugulitsa mbande m'mbali mwa msewu kuyambira ndisanabadwe. Malalanje, maluwa, timitengo ta mpanda, zonse m'timachubu takuda tondandalika pansi pa lona. Dzanja lawo ndi lachonde moti mutawapatsa mpini wa tsache akhoza kuuphukitsa. Sukulu sanapite nayo patali, koma akaona chomera chikufota mtima umawapweteka ngati amva khanda likulira.

Ndiye tangoganizani, mayi wotereyu kubereka mwana wodula mizu. Mng'ono wanga, chitsiriza wathu, amaphunzira ku yunivesite za balere wam'tchire, udzu weniweni woti ngakhale mbuzi imayamba yaganiza kaye. Anatifotokozerapo kangapo. Akuti amameretsa njere pa pepala lonyowa, muzu ukangotuluka amadula kansonga kake, n'kukatswanya pa kagalasi, n'kuthirapo mankhwala owala. Akasuzumira pa maikulosikopu amaona timizere totchedwa makromozomu, ndipo pa timizerepo pamayaka timadontho tofiira ndi tobiriwira. Malo amene timadonthoto takhala ndi amene amamuuza kuti balere uyu ndi mbale wa uyu, winayu anapatuka kalekale. Ine ndinkangogwedeza mutu kuti nkhani ithe. Amayi funso lawo linali limodzi, loti nanga chomeracho chikadulidwa muzu chimakula bwanji. Akamva kuti chimatayidwa ankadzuka n'kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Tsiku lina kabati yofunditsira mbewu ya kusukulu kwawo inawonongeka, mng'ono wanga uja n'kubwera kunyumba ndi timbale tagalasi, kalikonse ndi mtundu wake wa balere, dzina lili pa chivundikiro. Njerezo zinachokera kumapiri akutali, aphunzitsi ake anachita kupempha, ndipo zina kunalibenso. Digiri yake yonse inali m'timbale timeneti. Anatiika pa shelefu ya kuchipinda, natichenjeza tonse kuti tisakhudze, n'kubwerera kusukulu kukatenga tizida take todulira.

Pobwerako anapeza timbale tonse tatsukidwa, tavundikiridwa pathandala kuti tiume. Balere yense ali m'beseni limodzi lakale, pa dothi lakuda la manyowa, wothiriridwa bwinobwino, pamthunzi.

Ine ndinapsa mtima kuposa mwini wake, ndinalalata mpaka aneba anatsegula mawindo. Mng'ono wanga anangokhala pansi pafupi ndi beseni, n'kumayang'ana timphukira tofanana tokhatokha.

"Amayi, uyu ndi uti? Nanga uyu?"

"Si balere yenseyu, mwanawe? Iwe wemwe unati ndi apachibale. Pepala ndi chakudya ngati? Zikanafatu zimenezi."

"Zimayenera kufa, amayi."

Amayi anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kupukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma. Sanamvetse ngakhale pang'ono. Kunena zoona nanenso pamenepo mutu unaima, mkwiyo ndinali nawo koma ndinasowa woti ndimukalipire.

Aphunzitsi anati mbewu yosadziwika dzina singalowe m'kafukufuku, adikire njere zina, mwina chaka chamawa, mwinanso ayi. Mng'ono wanga anasamukira ku hositelo, ndipo foni ya amayi sayankha. Balereyo ndiye wakondwa zedi, wafika m'chiuno, watulutsa ngala zandevu. Amayi anasamutsira beseni kumsewu kuti azimuona, koma anthu akafuna kugula amawauza kuti ali ndi mwini wake. Sindidziwa ngati akumusamala chifukwa chomukonda kapena chifukwa cha manyazi, ndipo ndikukayika ngati amayiwo akudziwa.

Mayi amene moyo wawo wonse sanafunsepo munthu za mbewu, dzulo anandikoka malaya ndili pakhomo kupita kuntchito.

"Ukamufunse mng'ono wako. Balere uja wayamba kucha. Ndikolole, kapena ndingomusiya afe mmene iye amafunira?"