Palibe wamwalira, tikungobwera

Lachiwiri lapitali ndinaimbira foni azakhali anga, ba Esinati, amene amagulitsa nsomba ku Chirundu. Ndinali pakhonde kwathu ku Kanyama, pepala la ulendo lili pamiyendo, mtima uli mbee. Ndinati, "Ba Anti, mwezi wa mawa tibwera kwanu na ba Tate."

Anayankha ndi mawu a maliro: "Mayo ine! Ndani wamwalira?"

"Kulibe, ba Anti."

"Iwe, osanibisa. Ndine mukulu ine. Kamba chabe."

Ndinalumbira mpaka kukhosi kuuma, koma ayi ndithu. Ola lisanathe, gulu la banja lathu la pafoni linali litawira. Mng'ono wanga Tisa wa ku Kafue anandiimbira atamanga kale chitenje m'chiuno, akufunsa ngati thupi lili kuchipatala kapena kunyumba. Thupi la yani, abale?

Imani ndikuuzeni mmene zinayambira.

Bambo anga amakhala mu komboni ya Ng'ombe. Moyo wawo wonse akhala akusamalira maluwa m'mayadi a anthu olemera oyandikana ndi komboniyo, kupita wapansi, kubwera wapansi. Chaka chilichonse mabwana ankalongedza zikwama m'galimoto kupita kutchuthi, n'kuwasiyira kiyi wa geti ndi paipi ya madzi. Pobwera ankawaonetsa zithunzi. Motero bambo amadziwa mayina a malo okongola onse a dziko lino, koma kuchokera pakamwa pa anthu ena. Iwo eni ake msewu womwe amaudziwa ndi wa kumudzi ku Katete, ndipo sanaukwerepo basi popanda maliro kutsogolo.

Tsopano maso awo ayamba kuchita nkhungu. Chaka chatha ankawerenga okha Baibulo, chaka chino amaliika pamphuno. Ndiye ndinati ayi, mdala uyu aone dziko lake maso akadalipo.

Ndipo ulendowo ndinaukonza, sindikufuna kudzichepetsa mwabodza. Sindinafune zogona pano lero, mawa apo, kukoka zikwama ndi munthu wa mawondo olira. Ndinasankha pofikira pawiri basi. Masiku atatu kwa Tisa ku Kafue: kusiya katundu m'nyumba, m'mawa kupita kumtsinje kukaona mabwato ndi mlatho, masana kubwerera kukapumula. Kenako masiku anayi kwa ba Esinati ku Chirundu. Kuchokera kumeneko, tsiku lina kukaona Zambezi, tsiku lina kupita ku Siavonga kukaona khoma la damu ya Kariba n'kubwerako. Pansi penipeni ndinalemba ndi pensulo malo ena opatukira panjira ya ku Siavonga, ndi chizindikiro cha funso kutsogolo kwake, chifukwa sindinadziwe ngati mawondo adzalola.

Lachinayi ndinakwera minibasi ziwiri kukawaonetsa bambo pepalalo. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuthirira lepu wawo wa m'masaka. Nkhani inali itawafika kale.

"Sindipita," anatero asanandipatse n'komwe mpando.

"Chifukwa chiyani, ba Tate?"

"Mwana iwe, unakulira kuti? Munthu wamkulu akayamba kuyendera abale mmodzimmodzi, anthu amati akutsazika. Esinati walira kale. Ukufuna ndikakhale pamaliro anga ndili moyo?"

Zinandipweteka, sindinama. Ndinakwiya, koma osati ndi iwo.

Inu owerenga, tiyeni tiuzane zoona. Ife a m'makomboni, kaya ku Matero, kaya ku Chawama, kaya kuno ku Kanyama, dziko lathu timalidziwa ndi manda. Mufunseni munthu ngati anafikako ku Kasama, akuyankhani kuti, "Ee, pamene tinakaika ba Shikulu, agogo athu aja." Ku Kitwe? "Pa maliro a mulamu." Maliro akagwa, tchuthi cha kuntchito chimapezeka, galimoto imapezeka, wosunga ana amapezeka tsiku lomwelo. Koma nenani kuti mukufuna kungokaona mlongo wanu ali moyo, mumve: misewu ndi yoipa, nthawi palibe, tidikire mvula ithe.

Musandimve molakwa. Kuthamangira maliro ndi ulemu wathu, ndipo ndimanyadira nawo. Munthu wa mu komboni saikidwa ndi anthu atatu. Chibale ndi fupa, sichiola. Koma fupa lomwelo bwanji timalikumbuka pokhapokha likamapita m'dothi? Tafika poti mlendo wobwera ndi nkhope yosekerera amatiopsa.

Ndipo taonani chuma chomwe tili nacho. Mabwana aja ankafunafuna malo ogona m'mabuku. Ife pofikira tili napo kale m'tauni iliyonse, bedi loyala ndi munthu wokudziwa dzina la paubwana. Nyumba zomwezo zimene timagona pansi pa maliro zikhoza kutilandira tikuseka.

Zonsezi sindinawauze bambo. Ndinangokhala pa ndowa yovundikira, pepala lili m'manja. Iwo anamaliza kuthirira, n'kupukuta manja pa thalauza, n'kulanda pepala lija. Analiyandikizitsa kumaso, n'kuyendetsa chala mpaka pansi.

"Apa pa pensulo sindikuona. Walemba chiyani?"

"Ing'ombe Ilede."

"Ku Ng'ombe ndili kale."

"Ayi, kwina, kufupi na Zambezi. Ni malo akale, ba Tate."

Ndinawafotokozera zomwe ndinawerenga. Ndi kaphiri komwe anthu okumba anapeza manda a amalonda a zaka mazana angapo zapitazo, azungu asanaponde kuno. Anaikidwa atavala mikanda ya golide, pambali pawo pali mitanda ya mkuwa, ndi mikanda ina yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Ndinawachenjezanso kuti mwina sitikaona zambiri, kaphiri chabe ndi milambe, poti zambiri zofukulidwazo anazisamutsa.

Anandiyang'ana, kenako anaphulika kuseka mpaka kutsokomola.

"Ha! Mwana wa Achewa ndithu. Ukuti ukundichotsa ku maliro, koma tchuthi chako chikuthera kumanda!"

Nanenso ndinaseka, manyazi atandigwira. Zoona, sindinaziganize.

Atapuma anafunsa, "Mikanda ya kutsidya kwa nyanjayo inafika bwanji kumeneko?"

"Anthu anali kuyenda, ba Tate. Malonda."

"Wapansi?"

"Wapansi na mabwato."

"Popanda womwalira?"

"Popanda womwalira."

Anayang'ana lepu wawo. Kenako anati, "Mabwana anga onse aja, Livingstone, Mfuwe, Siavonga, ndinamva mpaka makutu kuwawa. Koma malo awa palibe ndi mmodzi yemwe anawatchulapo." Anawongola msana. "Ndiye kuti ndikafikako ine iwo asanafike."

Anandibwezera pepala. "Fufuta funsolo. Lemba ndi bolopeni. Ndipo ndiimbire Esinati."

Foni itangolira kawiri, azakhali anayankha ndi mawu a maliro aja. Bambo sanawapatse mpata.

"Esinati, ndine mlongo wako. Leka kulira, palibe wamwalira. Sindikutsazika ayi. Ndikubwera kudzadya nsomba zako mano ndikadali nawo. Tsiku lomwe udzabwere kudzandilira, iwe udzandiona koma ine sindidzakuona. Ndikufuna ndikuone panopa."

Kumbali inayo kunamveka kufwenthera, kenako, "Mubwere na juzi, kuseni kumazizira." Kuzizira m'mawa ku Chirundu, kotentha ngati m'uvuni! Bambo anangopukusa mutu n'kuseka.

Pobwerera ku Kanyama, m'minibasi yothinana, ndinkangogwiragwira pepala lija m'chikwama ngati satifiketi. Ndinanyada, ndipo ndikunyadabe. Mdala amene anatsegulira anthu ena geti moyo wake wonse, mwezi wa mawa akutuluka iye mwini, chipewa kumutu, popanda nyimbo ya maliro m'basi.

Nanga inu, m'bale wanu uja wa kutali, mudzapita liti kukamuona iye akadatha kukuonani?